Chizindikiro cha Nkhono

Yoyamba ndinaipeza pansi pa mpando
wa galimoto yomwe a Gezile Sakala anaitanitsa ku Japani,
ine ndikuitsuka pa makwacha asanu:
katiriji yotuwa, yonunkha fodya wa kwina,
pakona pake kankhono kosenza nyali.

Ndinaiuzira mpweya katatu.
Tivi ya m'kashopu kanga ku Kapata inatsokomola,
kenako kamunthu kanatulukira pa njinga,
kakugawa makalata m'mudzi wozizira, woyera mbee.
Mfuti mulibe. Woti umuphe mulibe.
Ukachedwa, wa pa nyumba yomaliza
amangotseka zenera, basi.
Ana a ku Navutika anati, "Amdala, iyi njogonetsa,
tiikireni ya nkhonya."
Ine ndinaipalasa usiku, miyezi iwiri,
mpaka maina anayamba kukwera pa galasi.

Asanu ndi awiri.
Zilembo za kwawoko sindiziwerenga,
koma dzina lina linkaoneka ngati khasu lotsamira khoma,
ndipo linakwera kawiri.
Munthu mmodzi, ntchito ziwiri,
monga ine, wolandira ndalama, wosesanso.

Yachiwiri inalowera pa Mwami
m'belo la zidole za mlamu wanga Tikambenji.
Kankhono kanali katanenepa, nyali ili ya mitundu.
Umu munali mtsikana wokonza mawotchi a pa siteshoni,
ukalakwitsa, sitima zimafika dzulo.
Maina makumi atatu ndi anayi.
Ndinawerenga ndi chala, ndinabwerezanso.
Ndinati zawayendera anzathu,
agula mipando, alemba ntchito ndi asuweni omwe.
Chaka chimenecho inenso ndinali ndi mativi anayi
ndi jenereta yoseka magetsi akathima.

Yachitatu inali pa chimbale.
Asilikali, mabomba, magazi mpaka m'maondo.
Kankhono kanakankhidwira pansi
pa dzina lalikulu la eni ndalama,
kochepa ngati nsabwe.
Ana anaikonda, sindinama.
Mzere unkafika kwa mayi wa vitumbuwa,
malata a nyumba yanga ku Mchini anachokera m'mfuti zimenezo.
Tsiku lomwe Khuzwayo anaimaliza
ndinamulanda chogwirira, ndinadikira.
Maina anakwera ngati inswa, osawerengeka.
Khasu lija panalibe.
Ndinatseka msanga tsikulo, ndinati mutu.

Anakangana? Anadwala? Anamuuza kuti makalata sagulitsa?
Ndani angandiuze, ine wa pa phiri la Kanjala
amene ngakhale ku Lusaka ndinafikako kawiri kokha.

Kenako kunabwera mafoni.
Ana anakula, ang'ono awo amasewerera m'matumba.
Mativi atatu ndinagulitsa.
Pomwe panali benchi pano pali mashelefu a machaja
ndi magalasi osweka odikira eni ake.

Lachiwiri lapitali Khuzwayo anaima pakhomo,
njinga yake ya kabaza ataitsamiritsa pa mtengo,
ndevu zili pachibwano.
"Amdala, taonani, si kankhono kanu aka?"
Pa foni yake yong'aluka pakona
bambo wa imvi ankasesa masitepe a nyumba yopanda anthu.
Ukasesa pamwamba, masamba agwa pansi.
Ukatsika, agwa pamwamba.
Palibe kupambana,
koma sitepe iliyonse ili ndi kaphokoso kake,
ndipo ukasesa modekha pamatuluka nyimbo.

Tinaisewera mosinthana mpaka batire linafiira.
Makasitomala awiri anabwerera.
Madzulo maina anakwera.

Atatu.
Loyamba sindilidziwa. Lachiwiri sindilidziwa.
Lachitatu ndinalikanikiza ndi chala chachikulu
kuti lisapitirire,
mpaka Khuzwayo anati, "Mundiswera galasi."

Iwe wa khasu, kaya ndiwe bambo, kaya ndiwe mayi,
kaya kwanu kwacha kale pamene kuno kukuda,
dziwa kuti ku Chipata katiriji yako yotuwa ilipo,
m'chitini cha mabisiketi, pamodzi ndi khadi la ku chipatala.
Imafuna kuuzira kasanu masiku ano.
Kalata ya pa nyumba yomaliza ija
ndimaifikitsa zenera lisanatsekedwe.