Tsamba Lachitatu

Kale ndinkangoimba foni.
Mbandakucha, khofi ali m'manja, nsapato ndisanamange,
kumbali inayo kunkayankha bambo wa mawu okhuthala
amene nkhope yake sindinaionepo.
Ankandiwerengera thambo ngati kalata:
mphepo ikuchokera kumpoto, mitambo yakwera mwakutimwakuti,
ndipo pomaliza ankatsokomola pang'ono,
"Ndikadakhala inu, a Tveit, ndikadadikira masana."
Mantha ake ndinkawamvera m'kutsokomolako.
Zaka makumi atatu ndauluka ndi khutu.

Tsopano mwana wanga anandigulira kagalasi kosalala,
akuti thambo lonse la Dakota lili m'menemu.
Ndimakakhudza ndi chala chozolowera thirakitala,
kamayaka, kamanditambasulira mapu,
timadontho tobiriwira waa, ngati tirigu wongomera.
Kubiriwira n'kwabwino, ndinatero.
Mlimi angasokere pa kubiriwira?

Lachiwiri lija, m'shedi ya ndege mozizira,
kunabwera Marisol Quintanar,
mphunzitsi wa msinkhu wa mdzukulu wanga,
kudzaona ngati manja anga akukumbukirabe.
Sanayambire kumapiko, sanayambire kuinjini.
Anati, "Tandionetsani mmene mwakonzekerera."
Ndinamuonetsa timadontho tanga, chifuwa chili patsogolo.
"Nanga pansipa?"
Pansi pati?

Chala chake chinakankha galasi,
mapu anathawira m'mwamba,
kunatuluka tsamba lachiwiri, kenako lachitatu,
zilembo zothinana ngati linthumbu,
mawu odulidwa mitu ndi michira
omwe miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikugona nawo m'nyumba imodzi
osadziwa kuti alipo.

Anawerenga mosathamanga.
Wina amene wadutsa pamwamba pa Missouri ola lapitalo
wasiya uthenga: m'mitambo yotuwayo
chinyezi chikuundana pamapiko.
Ndipo kabwalo komwe ndinkati ndikatere,
komwe ndateramo kosawerengeka,
katsekedwa kuyambira dzulo.
Akuthira phula watsopano.

Amati safunsa anadya phula.
Ine ndikadatera naye, wotentha, matayala onse atatu.

Ndinakhala chete. Malata a shedi ankalira ndi mphepo.
Ndinadikira kuti aseke, sanaseke.
Anakoka ndowa ziwiri za oilo, tinakhalapo,
natenga lisiti yanga yogulira mbewu,
kuseri kwake n'kuyamba kulemba
chidule chilichonse ndi tanthauzo lake.
"Si inu nokha," anatero. "Ambiri anapatsidwa galasi,
koma palibe anawakhazika pansi."
Tsiku limenelo ndege sinatuluke,
komabe ndinamulipira maola awiri, mtima uli mbee.

Akunyamuka ndinamufunsa chomwe chinkandidya:
"M'kagalasimu, amatsokomola ndani?"
Anaima pakhomo, chipewa chili m'manja.
"Palibe. Manambala okha.
Mukakayika imbani foni, munthu mumupezabe,
koma muyambe mwawerenga mpaka pansi.
Kutsokomolako tsopano ndi kwanu."

Lero ndadzuka kukali mdima.
Lisiti ija ndinaimata pafiriji, yayamba kupindika m'makona.
Magalasi pamphuno, ndatsika tsamba loyamba,
lachiwiri, lachitatu,
ndikutchula chilembo chilichonse mokweza ngati mwana wa sukulu.
Pawiri ndalakwitsa, ndabwerera.
Timadontho n'tobiriwira ndithu,
koma kumadzulo kukubwera china
chomwe pawindo langa sichikuoneka,
nyenyezi zokhazokha ngwee.

Khofi wazizira.
Ndayeretsa kukhosi, kamodzi,
ndipo galu wadzutsa mutu pansi pa tebulo.
"Ndikadakhala iwe, Orrin," ndatero,
"ndikadadikira masana."