Mawu a Wonong'oneza wa ku Fano

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndinakhala m'kabokosi
pansi pa nsanja ya zisudzo,
mutu wokha kunja ngati fulu,
kunong'oneza oimba mawu amene aiwala.
Ndiye ndikati ndinkamudziwa Gaudenzio Pellacani
ndikunena mawondo ake, ndi nsapato zake,
yakumanja yodyeka kuphazi chifukwa chopondera nyimbo.

Anali mwana wa wosoka matanga a ngalawa.
Bambo ake ankafuna wansembe;
anapeza mnyamata woba timakandulo m'tchalitchi
kuti azilemba manoti usiku, ena onse ali mtulo.
Ku Napoli anakakhalako zaka zisanu ndi ziwiri,
nabwerako ndi chifuwa, chikhothi chimodzi,
ndi mutu wodzaza anthu oimba amene sanabadwepo.

Opera yake yoyamba, Mkazi wa Woliza Belu,
anailemba m'masabata atatu,
mwini holo ali chilili pakhomo, wotchi m'manja.
Ine ndinkathamanga nawo mapepala inki isanaume,
mphepo ya m'nyengo yachisanu ikufuna kundilanda.
Usiku woyamba anthu anaimirira.
Ogulitsa nsomba anamunyamula pamapewa mpaka kwawo,
mayi ake anatseka zenera, kuganiza kuti ndi maliro.

Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika.
Anamuitana ku Milano.
Clorinda Bevilacqua, woimba wa mikanda mpaka m'zigongono,
anafuna nyimbo yokwera kuti aonetse khosi lake.
Gaudenzio anati mkazi amene mwana wake wafa
sakwera mawu, amatsika.
Clorinda anaimba motsika, nkhope ili gwaa, osalowetsamo mtima,
ndipo kuchokera m'mipando yam'mwamba kunagwa malikhweru,
kenako makoko a malalanje.
Limodzi linandipeza ine m'kabokosi mwanga.

Anabwerera pa ngolo ya makalata, osalankhula njira yonse.
Analembanso zisanu ndi zinayi.
Zina zinaimbidwa kawiri, zina kamodzi,
m'timatauni momwe woimba vayolini
ankameta anthu ndevu masana.
Ina anailipidwa ndi mafuta a azitona ndi nkhuku ziwiri.
Sindinamize munthu: zitatu mwa izo zinali zozizira,
ngakhale iye ankadziwa.
Koma mu Mlonda wa Mchere muli malo ena
pamene zoimbira zonse zimakhala chete,
n'kutsala chitoliro chimodzi ndi mawu a nkhalamba,
ndipo ine, wolipidwa kuti ndizikumbutsa ena,
ndinkaiwala kutembenuza tsamba.

Yomaliza sinakwere pansanja.
Anailemba chaka chimene kolera anatenga Ersilia, mwana wake.
Atatero anayamba kuphunzitsa piyano
ana aakazi a wogulitsa mankhwala,
kuwerenga nawo: imodzi, ziwiri, zitatu,
maso ali pa zenera.

Tinamuika Lachiwiri, tili anthu asanu ndi mmodzi.
Mwini nyumba anagulitsa bokosi la mapepala
kwa wogulitsa tchizi, poyeza pa sikelo.
Mwezi wathunthu anthu a ku Fano ankapita kwawo
atakulunga chakudya chamadzulo m'nyimbo za Gaudenzio.
Ndinaombolako masamba makumi anayi.
Akununkhabe.

Dzulo ndikudutsa kuseri kwa msika
ndinamva womanga nyumba ali pamakwerero,
akuimba ya woliza belu ija, njerwa ili m'manja.
Ndinamufunsa mwini nyimboyo.
Anati ilibe mwini, amayi ake ankaiimba pochapa.
Anapitiriza, nafika pakati, nakakamira,
kubwereza mzere umodzi ngati ngolo yotitimira m'matope.

Ine pansi pake, mutu chagada, mano atatha m'kamwa,
ndinachita zimene ndinkachita kale:
ndinakweza chala,
n'kumunong'oneza mawu otsatira.