Katundu Wathu ndi Mpweya

Tavuuka ku Boadzulu dzuwa lili paliwombo,
tsitsi likudontha, kumaso kuli mzere wa magalasi
ngati mphini zobwereka.
Boti latitula pa Nkopola. Ku Chembe n'kutali ndithu.
Ajibu, mphunzitsi wathu, akuloza wotchi:
maola atatu musanalowenso,
magazi ayambe abweza zimene akongola pansi paja.

Ndiye tikupakira.
Mabotolo khumi ndi awiri, anayi opuma kale,
tawagoneka kumbuyo kwa pikapu ya Che Twaibu
mitu mbali imodzi ngati ana a mphasa imodzi.
Zipsepse za labala, malamba a mtovu,
zovala zonyowa zonunkha chubu chakale.
Ine pakati, chikwama pamiyendo.
Masiku asanu ndinachita kupempha ku ofesi,
awiri atha,
ndipo a pansi pa madzi sakukwana ola limodzi.
Kwinaku konse ndi msewu.

Pa lodibuloko wapolisi wagogoda botolo ndi chala.
Mwanyamula chiyani?
Mpweya, bwana.
Wayang'ana kumwamba, wayang'ana milambe,
dziko lonse lodzaza ndi mpweya waulere,
kenako watiyang'ana ife.
Mwachita kugula?
Tagula.
Waseka mpaka chipewa kupendekeka, n'kutikweza dzanja.

Ndikatsinzina ndikadali komwe kuja.
Mamita khumi ndi asanu, kuwala kobiriwira,
mbuna zabuluu zikubudula ndere pamwala
osandifunsa kuti ndine mwana wa yani.
Kampango m'phanga, ndevu zili yangayanga,
ana ake atamuunjirira ngati utsi.
Kulibe foni, kulibe wondiitana dzina,
mawu okha ndi a chifuwa changa:
kukoka, kutulutsa, thovu kukwera kukanena kumwamba
kuti mayi uja akadali moyo.

Gwa! Bampu yandibweza.
Tasiya msewu wa ku Monkey Bay, takhotera kumapiri.
Mabotolo akuwombana, ngwe, ngwe,
belu la tchalitchi chopanda mpingo.
Anyani akhala pamwala kuwerenga magalimoto.
Pa chitunda chachiwiri galimoto yayamba kutsimphina.

Tayala laphwa.
Che Twaibu atulutsa sipeya, aiponda ndi chidendene:
nayonso yafota ngati papaya wa dzana.
Pampu anabwereka mlamu wawo mwezi watha.
Tayima. Nyenje zikulira, phula likununkha,
netiweki yatsalira kuseri kwa phiri.

Ajibu sanayankhule.
Wakwera kumbuyo, wasuntha malamba,
wakoka botolo lolembedwa dzina langa pa tepi,
walumikiza kapaipi kamene amasunga m'thumba la zida.
Tsiiii.
Sipeya ikutupa pang'onopang'ono, ikuwongola msana,
ine ndikuyang'ana singano ya geji ikutsika.
Ndikuwerengera ngati wa maakaunti, poti ndiye ntchito yanga:
apo zapita mphindi zinayi za ku Thumbi,
apo mwala wina umene sindidzauona,
apo nsomba imene ikanandiyang'ana m'maso.

Che Twaibu amanga manati, andikwezera chala chachikulu.
Kwa iwo ndiye kuti zatheka.
Pansi pa madzi chala chimenecho chimati tikwere,
ndipo takweradi,
giya yoyamba, utsi, fumbi m'mano,
mpaka makutu anga atseka pamwamba pa phiri.
Ndatsina mphuno, ndapemerera monga anandiphunzitsira.
Phu. Dziko latsegukanso.

Pa Chembe tapeza mwera watitsogolera.
Maboti onse awakokera pamchenga,
Thumbi akungosuzumira kuseri kwa mafunde oyera.
Lero ayi, watero Ajibu. Mwina mawa, kukadzuka bwino.
Tatsitsa katundu, tamuimika pamthunzi.
Ndakhala pambali pa botolo langa lopepukirapo,
mapazi otupa, pakhosi pouma,
ndikuyang'ana pikapu ikutembenuka.

Ikubwerera ku Nkopola yopanda kanthu,
ikudumpha mabampu mopepuka,
ndipo kumbuyo, kudzanja lamanzere,
mpweya umene ndinasungira nsomba
ukuzungulira, ukuzungulira,
ukukwera phiri popanda ine.