Mwana wa Telala

Amayi ako ananena kawiri, ataima pakhomo,
chikwama cha ku chipatala chili m'khwapa:
"Lero ndi inu. Amaweruka leveni."
Ndinavomera ndili ndi singano pakamwa.

Pa Chitakale ntchito inachita kundigwera lero.
Mayunifolomu makumi awiri a ana a eni,
buluku la mkwati lofunika Loweruka,
ndi mayi wina wa zipi yothyoka
amene anakana kukhala pansi mpaka nditamaliza.
Phazi pa chopondera,
makina ali tcheketcheke, tcheketcheke,
dzuwa n'kudutsa pamwamba pa phiri osandigwedeza phewa.
Ndinadya chimanga chootcha chiimirire,
ndinatsutsana ndi a Namakhwa za mpira wa dzulo,
ndinaseka.
Pamenepo ndiye pakundibaya: nthawi yonseyo ndinkaseka.

Cha m'ma fili ndinatola kadiresi kabuluu
kuti ndipinde m'munsi mwake,
manja n'kuzindikira msinkhu mutu usanazindikire.
Zaka zisanu ndi chimodzi.
Lonjezo!

Makina ndinawasiya nsalu ili kukamwa.
Wakabaza anatchula mtengo wake, sindinanenerere.
Chiperoni chinali chitatsika kale,
minda ya tiyi itamira mu utsi woyera,
ndipo m'mutu mwanga munadutsa zonse:
malole ochokera ku Muloza osadziwa buleki,
kamlatho ka matabwa kaja koterera,
mayina a ana amene amalengezedwa pa wailesi
ife n'kumati makolo ake anali kuti.

Pa sukulu panali zii.
Zitseko zokhoma, mbendera yotsitsa,
mbuzi ziwiri zikubudula udzu pa bwalo la asembule.
Ndinakuona pa khonde la sitandade wani,
utafunditsidwa chitenje chosakhala cha kwathu,
pambali pa mayi Muhiwa ogulitsa nanazi
amene beseni lawo linatha kalekale
koma sanapite.
Ndinkafuna andilalatire.
Iwo anangoti, "Bambo ake mwafika,"
n'kusenza beseni lopanda kanthu
kulowera njira ya kwawo, kutali, mu nkhungu.

Iwe sunalire.
Bola ukanalira, ndikanadziwa pogwira.
Unati, "Ndimawerenga malole a tiyi.
Ndinafika twente, manambala n'kundithera,
ndiye ndinayambiranso."
Kangati, mwanangu?
Unakweza zala zitatu zomata ndi madzi a nanazi.

Pokubereka ndi pamene ndinaona
kuti kolala yako yagwiridwa ndi phini.
Batani linathothoka liti?
Ine wosoka mabatani a boma lonse la Mulanje,
ine woloweza chiuno cha sajeni ndi phewa la abusa,
amene sindiiwala amene ali nane ngongole ya siketi,
sindinalione.
Unagona kumsana tisanafike pa msika,
mpweya wako ukufunda pa khosi langa
ngati palibe mlandu.

Usiku amayi ako anaimba ali ku Mishoni.
"Agogo ake apezako bwino. Mwana munakamutenga?"
Ndinati, "Ali pano, wagona."
Silinali bodza.
Telala amadziwa kubisa msoko mkati,
kunja chovala n'kumaoneka chosalala.
Koma msoko wotere umakanda khungu la wovala,
ndipo mawa ndiwauza, akangotula chikwama.

Pano nyali ya foni ili pakamwa,
ndikusoka batani lako ndi ulusi wapawiri.
Si lofanana ndi anzake, ndi loyererapo,
ndalichotsa pa malaya anga a ku tchalitchi.
Ndalimanga mfundo zitatu.

Mawa ndikafika teni isanakwane,
ndikaima pa geti ngati mlonda wolembedwa kumene,
mkwati adikire buluku lake.
Komabe ndikudziwa chimene waphunzira lero
chimene aphunzitsi sanalembe pa bolodi,
ndipo ndikuopa tsiku limene belu lidzalira,
iwe, usanayang'ane n'komwe ku geti,
n'kukhala pa khonde paja
kuyamba: wani, thu, fili.