Masitepe a ku Tiruppur

Masitepe a fakitale yathu alipo makumi anayi ndi awiri.
Kale sindinkawawerenga.
Ndinayamba tsiku lomwe ndinaima pa la khumi ndi chisanu
ngati munthu wogwetsa ndalama,
Vasuki nandipitirira, nabwerera,
nanditengera chikwama osafunsa kanthu.

Mzinda uno umasokera dziko lonse malaya.
Ine ndimasoka makolala okha,
mazana asanu ndi limodzi pa tsiku,
ndipo singano sadziwa
kuti ndakhalira nsanza zopinda kanayi.

Aka n'kachitatu.
Koyamba Kavin anali asanasiye bere.
Kachiwiri Selvaraj anali atachotsedwa ntchito konyika utoto.
Kachitatu lendi inakwera, ine ndinangotopa.
Wokagula ndi Selvaraj, pafamase ya kuseri kwa depoti ya basi,
mapiritsi asanu okulunga m'nyuzi,
ndipo malangizo amafika kwa ine
theka litatayikira m'njira:
limodzi lero, anayi mkuja, usauze munthu.

Kawiri konse magazi analeka okha.
Ulendo uno masabata anayi,
thupi kuotcha usiku, mano kugundana,
ndi kafungo komwe ndinkakaphimba
ndi maluwa oyera a m'tsitsi.

Dokotala Ilakkiya, wamng'ono kwa ine,
anakoka chikope changa ndi chala.
M'menemu muyenera kufiira, anatero.
Mwayera ngati nsalu isanaone utoto.
Analemba seveni papepala, naizunguliza mzere kawiri.
Anzako akuyenda ndi thwelofu.

Ndiye ndinatulutsa funso lomwe ndinalifumbata kuchokera kunyumba:
kodi ndachiwononga chiberekero?
Apongozi anga, osadziwa kuti akunena ine,
amati mankhwalawa amaumitsa mkazi
ngati chitsime cha mwezi wa Meyi.

Anavula magalasi.
Chiberekero si mbiya, anatero,
yoti ukaigogoda katatu ing'aluke.
Mapiritsiwa akamwedwa moyenera, pa nthawi yake,
satseka njira ya mwana wa mawa.
Chakudwalitsa ndi kanthu kotsalira m'kati
komwe palibe anakayang'ana,
ndi magazi otaya katatu
osawabwezera, mpunga ndi msuzi wamadzi basi,
ndi masabata anayi okhala duu.
Ukadachedwa sabata ina —
Sanamalize. Anavalanso magalasi.

Ananditsuka Lachinayi.
Diripi ya ayironi inali yofiirira ngati tiyi wopanda mkaka,
ndinaiyang'ana ikudontha
ndikuwerenga makolala omwe sindinasoke.
Sindinalire. Ndinkayembekeza kulira, misozi osabwera,
kunangobwera njala.

Kenako anabweretsa kambale kachitsulo:
lupu, jakisoni, timapiritsi ta tsiku ndi tsiku, makondomu.
Bambo akunyumba abwere tikambirane atatu, anatero.
Ndinaseka mpaka m'mimba munapweteka.
Bambowo anali panja, pa njinga yamoto, pamthunzi wa nimu.
Si munthu woipa. Anandigulira madzi a kokonati.
Funso lake loyamba linali lakuti, atilipiritsa zingati?
Lachiwiri sanafunse.

Patapita milungu iwiri ndinabwerera ndekha,
nthawi ya nkhomaliro, ulusi udakali m'zovala.
Ndinaloza lupu.
Palibe anasayina kupatula ine.

Tsopano Vasuki amanditengera masamba a chammwamba
m'kabokosi kake kachitsulo,
n'kundiyang'anira mpaka nditatha,
ngati kapitawo.
Dzulo anandinong'oneza kuti mng'ono wake wapitiriza masiku,
mwamuna wapita kale kuseri kwa depoti.
Ndinang'amba kachidutswa ka katoni,
ndinalembapo dzina la dokotala ndi nambala ya basi,
pansi pake: ukaotcha thupi usadikire,
ukanyowetsa nsalu ziwiri pa ola usadikire,
usakhale wekha usiku umenewo.

Lero Lolemba.
Ndaima pa la makumi atatu ndi limodzi,
dzanja pakhoma, mtima ukugunda m'makutu.
Belu lalira kale pamwamba.
Atsala khumi ndi limodzi.