Chidindo

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
ndakhala ndikupotokola deti pa chidindo chimodzimodzi.
Kamphira ka mwezi kanatha kale mano,
Juni amatuluka ngati Julayi,
ndipo palibe anabwerapo kudzadandaula.

Kuno ku Dedza nkhungu imandiyambirira kufika pa ntchito.
Imatsika m'phiri, kudutsa m'mapaini,
n'kudzaima pawindo ngati munthu wodikira kalata.
Ine ndimakoleka juzi pa msomali
umene ndinakhoma ndekha ndi chidendene cha nsapato
chaka chija ndinkati pano ndikungodutsa.

Msomaliwo wachita dzimbiri.

Chifuwa cha a Kamtedza ndimachimva asanakhosomole.
Teni koloko ikakwana
Nasiketi amatsegula fulasiki n'kunena kuti shuga wakwera,
ine n'kuyankha kuti si shuga yekha.
Tsiku loyamba tinaseka.
Masiku ano timangolandizana
ngati mapemphero oloweza.

Musandimve molakwa, ntchitoyi sinandilakwire.
Inalipira fizi ya Tadziwana mpaka folomu folo,
inagula malata,
inagoneka mayi anga m'bokosi losachititsa manyazi.
Ungatukwane bwanji chitsime uli ndi chikho m'manja?
Kungoti madziwa ndamwa
mpaka sindikuwamvanso akamadutsa kukhosi.

Zelesi, amene tinalembedwa naye tsiku limodzi,
anasiya, anthu n'kumati zamusokonekera.
Lero ali ndi lole yonyamula kachewere ku Bembeke,
akandiona amaliza hutala mpaka agalu kuuwa.
Koma Filipo nayenso anasiya.
Ndinamuona pa depoti, atavala jekete yomwe ija ya ku ofesi,
akupempha ya basi
kwa mnyamata amene iye anamuphunzitsa kulemba lisiti.
Usiku awiriwa amandigonera uku ndi uku,
aliyense akukokera bulangete kwake,
ine pakati, kuzizidwa, maso ali gwa.

M'dilowa ya m'munsi, pansi pa mafayilo a anthu omwalira,
muli fomu ya sukulu ya zamalamulo.
Dzina ndinalemba. Mudzi ndinalemba.
Pamene pakuti fotokozani chifukwa chimene mukufunira maphunzirowa
mpamene bolopeni inauma,
kapena ndimangoinamizira.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Lizulu ndilibe chokagula.
Ndinaima m'mbali mwa tala,
kuno Malawi, tsidyalo Mozambiki,
amayi a tomato akungowoloka ndi mabeseni pamutu
osayang'ana kuti phazi laponda dziko liti.
Mmodzi anandiyang'ana nthawi yaitali.
Mugula, amayi, kapena mukudikira munthu?
Ndinati ndikudikira munthu.
Sindiname.
Ndinabwerako ndi kabichi mmodzi, wamkulu ngati mutu wa mwana,
ndinamufungatira pamiyendo njira yonse.

Lolemba kunabwera kamtsikana, nsapato zobwereka,
kalata yoyamba ntchito ikunjenjemera m'manja.
Kanafunsa monong'ona, kodi muno mumakoma?
Ndinafuna kukauza za msomali.
M'malo mwake ndinadinda,
n'kuuzira inki kuti iume,
n'kukauza kuti kabwere ndi juzi, kuno Juni saseka ndi munthu.

Katatuluka ndinakoka dilowa ija.
Tsiku lotsekera kulandira mafomu
linadutsa zaka zitatu zapitazo.
Ndinaseka mpaka a Kamtedza anadzutsa mutu,
Nasiketi n'kufunsa ngati malipiro alowa.

Sindikudziwa ngati ndikufunadi zamalamulo.
Mwina ndikungofuna m'mawa umodzi
umene sindikudziwa mmene uthere.
Fomu yakaleyo ndaisiya pamwamba pa desiki,
ndaitsindira ndi chidindo kuti mphepo isaiulutse,
ndipo ndafunsa mesenjala ngati zatsopano zimabwerabe.
Wati afufuza. Iyeyo amaiwala.
Ndimukumbutsa mawa, kapena Lachinayi.

Pano ili cha m'ma leveni.
Nkhungu yayamba kusamuka,
phiri likuoneka theka lokha, la m'munsi.
Pabenchi pali anthu asanu ndi mmodzi,
ndipo gogo wa chipewa chofiirayo
wakhala pamenepo kuyambira seveni.

Wotsatira.