Bokosi Lidatuluka Cham'mbali

Bambo anga adafika ku Dzivarasekwa
ndi sutikesi ya malata ndi lilime la ku Ntcheu,
nayamba kuponda udzu wa kuseri kwa nyumba
popita kokwerera basi ya ku Workington.
M'mawa ndi madzulo, m'mawa ndi madzulo,
mpaka udzu udagonja.
Lole ya nkhuni idazolowera kulowamo chafutambuyo.
Ambulansi idalowamo usiku womwe ndidabadwa.

Koma mapazi salemba ndi inki.

Kukhonsolo mtsikana wa magalasi adatambasula mapu,
chikhadabo chake chofiira chikuyenda m'mizere:
"Amayi, pano palibe msewu.
Pali puloti 418 ndi puloti 419."
Ndidati, nanga ine lero ndadzera pati?
Adamwetulira, osati mwachipongwe,
nandionetsa chidziwitso cha m'nyuzipepala,
timalemba ngati nyerere zakufa
pansi pa malonda a matayala:
wodandaula adandaule pasanathe masiku makumi atatu.
Mwezi umenewo ife tidali kuchipatala ku Gomo
tikuwerenga madontho a diripi.

418 ndi ya a Gwatidzo, akumanga pothirira mafuta.
419 ndi ya a Marufu, mashopu asanu ndi butchala.
M'chilolezo chawo akuti mudali mzere umodzi wonena za ife:
pasiyidwe mamita anayi, a kuseri azidutsa.
Sudanene kuti asiye ndani.
A Gwatidzo adati achoke kwa a Marufu.
A Marufu adati chikhomo chidasunthidwa usiku.
Maloya adatumizirana makalata miyezi isanu ndi iwiri
amisiri osadikira,
njerwa pa njerwa, uku khoma, uko khoma,
ndipo padatsalira mkangano wawo
ndi pomwe timadutsa ife lero,
mpata woti wobereka mwana
ayambe wamasula mbereko.
Wilibala ya zigubu imakhula makoma onse awiri.
Kabati yomwe Rumbidzai adatenga pangongole
idagona kumsewu mpaka mvula idaitupitsa.

Bambo adatisiya Lachinayi, m'nyengo yozizira.
Adagona usiku umodzi pakhomo pawo
atalowa pamachira, okulungidwa m'bulangete.
M'mawa a bungwe lathu la maliro adabwera,
a Kamwendo patsogolo ndi kabuku ka zopereka.
Bokosi lopanda kanthu lidadutsa pamwamba pa khoma,
lopepuka, anyamata akulandirana.
Potuluka ndiye padali nkhani.
Adayeza mpata ndi chingwe, nayeza bokosi.
Lidaposa ndi zala zinayi.
Adamasula zogwirira ndi mpeni wa kukhitchini.
Lidaposabe.

Adalipendeketsa.

Bambo anga, amene sadagonerepo kumanzere
chichokereni makina adawaphwanya phewa,
adatuluka cham'mbali,
awiri kutsogolo, awiri kumbuyo, akupuma mokoka,
nyimbo ikudutsa mmodzimmodzi,
oyambitsa ali kale kumsewu
ovomera akadali pakhonde.
Pakati pa mpatawo ndidamva kanthu kakusendera m'katimo,
kugunda thabwa pang'ono,
monga ankagogodera akaiwala kiyi.
Ndidati pepani, bambo.
Sindikudziwa ngati ndidanena mokweza.

Mlonda wa a Marufu adavula chipewa.
A Gwatidzo adatumiza madola makumi awiri mu envulopu,
tidagulira kabichi ndi makandulo.

Mlandu wawo akuti ulowa mu Okutobala,
ife sadatiitane, sitili m'mapepala.
Koma vanishi wa bokosi adatsalira pakhoma la 419,
mzere wofiirira, msinkhu wa m'chiuno,
kuyambira pakhomo pathu mpaka pamapampu osatsegulidwa.
Ndaujambula pafoni.
Lolemba ndikwera kombi yoyamba,
ndikauike pamapu a mtsikana uja
ndikati: suwu, mwanawe, walembedwa tsopano.

Kaya kumeneko amalandira zithunzi.
Rumbidzai akuti ndinyamule madzi ndi buledi,
mzere wake umayambira panja.